Kodi mavitamini a m'botolo angabweze tsitsi lothothoka?

PA Sondo lina mapemphero atatha, tinatsala pakhonde la chalichi kudikira kuti dzuwa lipendekeko. Mai wina wacitsikana, khanda lili kumsana, anamasula duku lake ndi kuonetsa azimai anzake pamutu. Tsitsi linali litapyapyala mpaka khungu kumaonekera. Iye anati m'mawa uliwonse akapesa, cipeso cimadzaza ndi tsitsi, ndipo wayamba kucita manyazi kupita kucitsime wosafunda kumutu.

Posakhalitsa mayankho anaculuka. Ambuya ena anati pali munthu amene anatola tsitsi la maiyo pamene anameta, ndipo dzina la nkhalamba ina ya m'mudzi linali pafupi kuchulidwa. Wina ananong'oneza mnzake kuti mwina ndi "matenda aja". Koma mwini mutu anati ai, anauzidwa kale kuti akusowa mavitamini. Anapisa dzanja m'cikwama ndi kutulutsa botolo la makapisozi limene anagula kwa mnyamata wina woyenda nazo m'basi. Linamudyera ndalama ya matini awiri a nshawa. Anali kumwa atatu pa tsiku kuti agwire nchito msanga, ndipo ena anali kugawirako mng'ono wake amene ali ndi pakati, ati kuti naye lisadzamuthothokere.

Mau omalizawa ndiwo atilembetsa nkhani ino. Mabotolo otere aculuka m'misika, m'mabasi ndi m'mafoni mwathu, ndipo amaculuka kwambiri nthawi imene alimi agulitsa mbeu. Tiyeni tione bwino-bwino zimene mavitamini amenewa amacita pa tsitsi, cifukwa safunsa anadya phula.

Tsitsi nalo lili ndi nyengo zake

Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000. Lililonse limamera m'kadzenje kake pakhungu, ndipo limatalika pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Likakula kwa zaka ziwiri kufika zisanu ndi cimodzi, limaleka kukula, kupuma miyezi ngati itatu, kenaka n'kugwa kuti latsopano limere pomwepo. Motero munthu wabwino-bwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku osazindikira.

Thupi likakumana ndi cinthu cacikulu, monga malungo amphamvu, taifodi, opaleshoni, njala, cisoni ca maliro kapena kubereka, tsitsi lambiri limalowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi. Siligwa tsiku lomwelo. Limagwa patapita miyezi iwiri kapena itatu, munthu atacira kale ndi kuiwala kuti anadwalapo. Apa ndipo pamene anthu amasokonezeka, n'kuyamba kufunafuna amene anakangana naye sabata yatha. Mai uja wa pakhonde khanda lake linali ndi miyezi inai. Kuthothoka kwa mtundu uwu kumaleka kokha, ndipo kwa ambiri tsitsi limabwerera mwanayo asanakwanitse caka, kaya munthu wamwa kanthu kapena ai. Wogulitsa botolo amangokolola pamene sanalime.

Mavitamini okhala m'nkhokwe

Mavitamini ali m'magulu awiri. Ena, monga C ndi a mtundu wa B, amasungunuka m'madzi. Ambiri a iwo thupi silisunga nthawi yaitali, otsala amatuluka ndi mkodzo. Koma pali anai amene amasungunuka m'mafuta, ndiwo A, D, E ndi K. Awa kuti alowe m'magazi kucokera m'matumbo amafuna kuti m'cakudya mukhale kamafuta, ndiponso ndulu yocokera kuciwindi. Akalowa sathamangira kutuluka. Thupi limawasunga m'ciwindi ndi m'mafuta a m'thupi kwa miyezi.

Mlimi aliyense adziwa ubwino wa nkhokwe. Vitamini A amene mwana wadya nthawi ya mango angathe kumusunga mpaka mkati mwa dzinja. Koma adziwanso kuti nkhokwe ili ndi malire, ukaumiriza kuthiramo imaphwasuka. Ici ndico cifukwa cake mavitamini anai amenewa, makamaka A ndi D, angathe kudwalitsa munthu akawamwa mopitirira. Maganizo akuti "mavitamini ndi cakudya cabe, sangapweteke munthu" ndi olakwika pa gulu ili.

Vitamini A, mnzathu wakale

Dziko lino la Zambia lamenyana ndi kusowa kwa vitamini A kwa zaka zambiri. Vitaminiyu amathandiza maso kuona mumdima, amasunga khungu ndi m'kati mwa mphuno, mapapo ndi matumbo, ndiponso amathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Mwana womusowa amayamba kupunthwa dzuwa likangolowa, maso amauma, ndipo cikuku kapena kutsegula m'mimba zikamugwira zimamupha mosabvuta. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1997 anapeza kuti pafupifupi ana awiri mwa atatu alionse anali ndi vitamini A wocepa m'magazi.

Boma linacitapo kanthu. Kuyambira mu 1998 lamulo linakakamiza kuti shuga wa panyumba aziikamo vitamini A, ndipo Zambia inali patsogolo pa maiko a kuno ku Africa pa nchito imeneyi. Panabweranso sabata ya umoyo wa ana kawiri pa caka, pamene anamwino amadula kakapisozi ndi kudonthezera mwana m'kamwa. Kabuluu, ka mayuniti 100,000, ndi ka makanda a miyezi 6 mpaka 11. Kofiira, ka mayuniti 200,000, ndi ka ana a caka cimodzi kufikira asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2012 anatulutsanso mbeu za cimanga ca olenji cimene cili ndi vitamini A wocokera m'mbeu momwemo. Ambiri a ife tinayamba tacikaikira cifukwa cinatikumbutsa cimanga cacikasu ca cithandizo ca pa cilala ca 1992, koma ndi mbeu ina, ndipo amene anakazinga mondokwa wake adziwa kutsekemera kwake.

Nanga tsitsi? Vitamini A akasowa kwambiri khungu limauma ndi kucita tiziphuphu tolimba pa timaenje ta ubweya, makamaka m'zigongono ndi m'ncafu, ndipo tsitsi limauma ndi kumathyoka. Koma munthu wofika pamenepo amakhala ndi zizindikiro zina zazikulu, maka-maka za maso. Si kawiri-kawiri kuti munthu wamkulu amene aona bwino usiku, amadya ndiwo zamasamba ndi kumwa tiyi wa shuga, athothoke tsitsi kaamba kosowa vitamini A.

Cimene madokotala adziwa motsimikiza ndi mbali inayo. Vitamini A akaculuka m'thupi amathothola tsitsi. Amakankhira tsitsi m'nyengo yopuma nthawi yake isanakwane, ndipo limagwa la kumutu, nthawi zina ndi nsidze zomwe. Pamodzi ndi izi pamabwera kuuma ndi kung'ambika milomo, khungu kusupuka, mutu kuwawa, mafupa kuphwanya, ndipo pakapita nthawi ciwindi cimaonongeka. Ngakhale mankhwala ena a ziphuphu ndi nthenda za pakhungu opangidwa kucokera ku vitamini A, monga isotretinoin ndi acitretin, amadziwika kuti amapyapyalitsa tsitsi. Taonani tsono tsoka lake: munthu aona tsitsi likugwa, agula vitamini A, tsitsi ligwa koposa, iye aganiza kuti mankhwala acepa, naonjezera.

Pali mbiri ina yocokera kutali imene ophunzira za udokotala amaimva kawiri-kawiri. Kumapeto kwa 1912 amuna atatu, Douglas Mawson wa ku Australia, Xavier Mertz wa ku Switzerland ndi Belgrave Ninnis wa ku Britain, anali paulendo wofufuza dziko la madzi oundana la Antarctica, katundu wao akukokedwa ndi agalu. Pa 14 December Ninnis anagwera m'phompho pamodzi ndi agalu amphamvu ndi cakudya cambiri. Awiri otsalawo anali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kucokera kumsasa. Anayamba kupha agalu otsala mmodzi-mmodzi ndi kumadya. Nyama inali yolimba ngati cikumba, koma ciwindi cinali cofewa, motero ndico anali kudya kwambiri.

Patapita masabata owerengeka tsitsi lao linayamba kugwa, khungu kusupuka, m'mimba kupota. Mertz anamwalira pa 8 January 1913. Mawson anafika kumsasa yekha patapita mwezi, khungu la kumapazi litacoka. Mu 1969 akatswiri awiri a ku Australia anafotokoza kuti ciwindi ca agalu a mtundu umenewo cimasunga vitamini A wambiri zedi, ndipo ndiye anawadwalitsa. Ena amati njala ndi cisanu zinathandizirapo, ndipo n'kutheka. Koma anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi anadziwa kuyambira kale kuti ciwindi ca cimbalangondo coyera sadya, pa cifukwa comweci.

Wina anganene kuti izo n'za azungu a kumadzi oundana, ife kuno bvuto lathu ndi kusowa. Tiyeni tibwere pafupi, ku Nyimba. Mu 2012 akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin ku America, pamodzi ndi anzao a muno m'dziko, anali kuyesa ngati nsima ya cimanga ca olenji imaonjezera vitamini A m'thupi la ana a m'midzi ya m'boma limenelo. Anapeza kuti imaonjezeradi. Koma anapezanso cimene sanayembekezere. Atayesa kuculuka kwa vitamini A wosungidwa m'ciwindi, anaona kuti ana 59 mwa 100 alionse anali kale ndi woposa mlingo woyenera, kuyesako kusanayambe n'komwe. Shuga, makapisozi a kusikelo ndi zakudya za kumunda zinali zitakumana m'nkhokwe imodzi.

Tisamvane molakwa pano. Sitikunena kuti makolo aleke kupereka ana ku sabata ya umoyo. Makapisozi aja apulumutsa ana ambiri, amaperekedwa pa mlingo woyesedwa ndi pa nthawi yotalikirana, ndipo m'madera ena ana akali kusowa vitaminiyu. Cimene Nyimba itiphunzitsa n'cakuti sitingaganize cabe kuti munthu aliyense wa kumudzi ali ndi nkhokwe yopanda kanthu. Kuonjezera botolo la pamsika pamwamba pa zonsezi ndi kuthira madzi mumtsuko umene sunauyang'anemo. Ndipo kapisozi kofiira ka mwana, ngati kapezeka m'manja mwa munthu mwa njira ina, si ka munthu wamkulu womwa tsiku ndi tsiku.

Ziwerengero zake ndi izi. Mwamuna wamkulu amafuna mamaikilogalamu 900 a vitamini A pa tsiku, mkazi 700. Malire amene munthu wamkulu sayenera kupitirira tsiku ndi tsiku ndi 3,000, amene pa mabotolo ambiri amalembedwa kuti 10,000 IU. Makapisozi ena ogulitsidwa amafika pa malire amenewa ndi kamodzi kokha. Mai uja anali kumwa atatu. Kwa mai wapakati nkhani ndi yoopsa koposa, pakuti vitamini A woculuka, maka-maka m'miyezi itatu yoyamba, angathe kulemaza mwana m'mimba, kumtima, kumutu kapena kunkhope. N'cifukwa cake ku Britain a zaumoyo amauza azimai apakati kuti asadye ciwindi, ndi ena onse kuti asapitirire kamodzi pa sabata. Kuno ciwindi sitidya kawiri-kawiri, mbuzi imaphedwa pa Khisimisi kapena pa ukwati, motero mantha athu ali pa botolo. Mai wapakati amwe okhawo amene wapatsidwa kusikelo.

Cokondweretsa n'cakuti zakumunda zilibe ngozi imeneyi. M'mango, mapapaya, maungu, kandolo wofiira m'kati, kaloti, cibwabwa, bondwe ndi kalembula mulibe vitamini A wokonzeka kale. Muli cinthu cochedwa karotini, cimene thupi limasandutsa vitamini A molingana ndi kusowa kwake. Mwana akadya mango ambiri zikhato zingathe kusanduka zacikasu, ndipo akatswiri aja anaziona pa ana ena a ku Nyimba nthawi ya mango. Si matenda a cikasu ai, maso amakhala oyera, ndipo mtunduwo umatha wokha mango akatha.

Vitamini D ndi dzuwa

Vitamini D ndi wosiyana ndi anzake cifukwa wambiri sacokera m'mbale. Khungu limamupanga lokha likaombedwa ndi dzuwa. Wocepa amapezeka m'nsomba zamafuta, m'cikasu ca dzira ndi m'ciwindi. Nchito yake yaikulu ndi kuthandiza thupi kutenga kashiamu womangira mafupa. Mwana womusowa miyendo imapindika.

Kugwirizana kwake ndi tsitsi kunadziwika kudzera mwa ana owerengeka obadwa ndi cilema cina ca kumtundu. M'maselo a thupi muli kamalo kolandirira vitamini D, tinene kuti loko, vitaminiyo ndiye kiyi. Mwa ana amenewa lokoyo ndi yoonongeka. Amabadwa ndi tsitsi, koma likagwa m'miyezi yoyamba, ambiri silimeranso. Kuwapatsa vitamini D wambiri ndi kashiamu kungathandize mafupa, koma tsitsi silibwerera. Izi zionetsa kuti tsitsi limadalira kwambiri lokoyo, ndipo kuculukitsa makiyi sikukonza loko yothyoka.

N'zoona kuti madokotala akayesa magazi a anthu othothoka tsitsi, maka-maka aja amene limacoka mozungulira ngati ndalama yacitsulo, ambiri amapezeka ndi vitamini D wocepa. Koma zinthu ziwiri kupezeka pamodzi sikutanthauza kuti cina cabala cinzake. Munthu wadazi la mawanga amabisala m'nyumba ndi kufunda kumutu, motero dzuwa silimupeza. Palibe umboni wolimba wakuti kumwa vitamini D kumameretsa tsitsi mwa munthu amene sakumusowa. Amene wayesedwa n'kupezeka kuti akumusowa ayenera kupatsidwa, kaamba ka mafupa ake poyamba, ndipo tsitsi likapindulako ndi mwai.

Tisanyade kuti kuno dzuwa ndi losasowa. Akatswiri ataphatikiza zofufuza za maiko ambiri a mu Africa mu 2020, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi vitamini D wocepa, maka-maka okhala m'matauni, azimai ndi makanda. Khungu lakuda limafuna dzuwa lotalikirapo kuti lipange mlingo umodzimodzi. Abale athu okhala ku Britain amalangizidwa kumwa mamaikilogalamu 10 pa tsiku caka conse pa cifukwa cimeneci. Mlimi amene amakhala ndi khasu kuyambira m'mawa alibe nkhawa yambiri. Amene tiyenera kuwakumbukira ndi nkhalamba ndi odwala amene timawayendera ndi mapemphero, ogona m'nyumba yamdima miyezi ndi miyezi. Kuwatulutsa pamphasa kuti aothereko dzuwa ndi cisamaliro naco. Vitamini D wa m'botolo akaculuka amakweza kashiamu m'magazi, munthu amamva ludzu losatha, kusanza, ndipo impso zimaonongeka.

E ndi K

Vitamini E ndiye amene ogulitsa amamukonda, pakuti dzina lake lili pa mabotolo ambiri a mafuta odzola. Amateteza maselo kuti asaonongeke msanga, ndipo ali wambiri m'nshawa, m'mafuta a mpendadzuwa ndi m'makotapeya. Munthu wodya zimenezi samusowa. Kafukufuku amene amachulidwa kawiri-kawiri anacitika ku Malaysia ndi kufalitsidwa mu 2010. Anthu amene anamwa mtundu wina wa vitamini E kwa miyezi 8 tsitsi lao linaculukako kuposa anzao. Koma onse pamodzi anali anthu 38 cabe, osakwana ndi kwaya ya pa parishi. Mlimi wanzeru sasintha mbeu ya munda wonse cifukwa ca mizere iwiri imene inacita bwino caka cimodzi. Kuboola kapisozi ndi kupaka kumutu kumafewetsa tsitsi monga mafuta ena alionse, sikumeretsa. Kumwa wambiri kumacedwetsa magazi kuundana.

Za vitamini K tingakambe mwacidule, cifukwa palibe cimene cionetsa kuti kusowa kwake kumathothola tsitsi. Anamutulukira Henrik Dam wa ku Denmark ataona anapiye ake oyeserapo zakudya akukha magazi osaleka, ndipo analandira mphotho ya Nobel ya 1943. Ndiye amene amaumitsa magazi pa bala, ndipo imodzi mwa nyeleti zimene khanda limalasidwa likangobadwa kucipatala ndi ya iyeyu. Ali wambiri m'masamba obiriwira. Kumene amakhudzana ndi tsitsi ndi kumbali: mankhwala ocedwetsa magazi kuundana ochedwa warfarin, amene amagwira nchito potsekereza vitamini K, amathothola tsitsi mwa anthu ena. Amene amamwa mankhwalawa asawaleke okha, ndiponso asaonjezere vitamini E kapena K osafunsa dokotala.

Nanga cimathothola tsitsi n'ciani?

Tikacotsa kubereka ndi matenda a malungo amene tachula kale, cacikulu pakati pa azimai athu ndi kucepa kwa magazi kaamba kosowa ayironi. Mai wobereka pafupi-pafupi, wotaya magazi ambiri kumwezi, kapena wokhala ndi njoka za m'mimba, amafooka, amacita cizungulire, m'zikope mumayera, tsitsi n'kumapyapyala. Izi pa kiliniki amayesa ndi kadontho ka magazi ka pacala. Mwa ana, tsitsi lofiirira, lofewa, lozuka mosabvuta, pamodzi ndi kutupa mapazi ndi masaya, ndi cizindikiro ca kusowa zakudya zomanga thupi. Mwana wotere afunika cipatala lero lomwe. Mawanga oyera okhala ndi mfundu pamutu pa mwana wa sukulu kawiri-kawiri ndi cipere, cimene cimayenda ndi lezala, makina ometera ndi zipeso zobwerekana, ndipo ca kumutu cimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, zopaka zokha sizikwanira. Cithokomiro cikasokonezeka cimathotholanso tsitsi, cimodzimodzi cindoko cikakhalitsa m'thupi, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala.

Palinso cina cimene azimai sakonda kumva. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, anapima anthu a ku Langa ndi kufalitsa zimene anapeza mu 2007. Pafupifupi azimai atatu mwa khumi alionse anali atatha tsitsi la m'mbali mwa mphumi kaamba ka kukokedwa, ndipo pakati pa atsikana a sukulu anali 17 mwa 100. Coipitsitsa cinali kuluka zolimba kapena kulumikiza tsitsi logula pa tsitsi limene laikidwa kale mankhwala oongola. Ngati poluka mwana akulira, kapena usiku mai alephera kugona ndi kuwawa kwa kumutu, kapena pamphumi patuluka tiziphuphu, tsitsi likuzulidwa. Poyamba limameranso mukamasula, koma zikapitirira zaka timaenje timafa, ndipo palibe vitamini amene angatidzutse. Tikuona tiana ta zaka zinai pa Sande sukulu titamangidwa mpaka nsidze kukwera m'mwamba, ndipo timati takongola.

Dazi la azibambo ndi la kumtundu. Limabwera cifukwa ca mmene timaenje ta tsitsi timamvera mphamvu ya cimuna m'thupi, ndipo ngati atate anu kapena amalume anu anali nalo, musataye mbuzi pogula mabotolo. Ngakhale m'malamulo a Mose, pa Levitiko caputala 13, munthu wadazi sanawerengedwe wodetsedwa. Tsitsi locoka mozungulira ngati ndalama, khungu lili losalala lopanda mfundu, ndi lija limene limayambitsa milandu ya ufiti m'midzi, cifukwa limaoneka ngati wina wameta usiku. Limacitika pamene asilikali a m'thupi asokonezeka ndi kuyamba kumenya timaenje ta tsitsi la mwini wake. Limapezeka m'maiko onse, silipatsirana, ndipo kwa ambiri limamera lokha m'kati mwa caka. Nkhalamba zina zathamangitsidwa m'midzi pa nkhani zocepa kuposa iyi. Ndipo za "matenda aja", kuyang'ana pamutu pa munthu sikuuza kanthu, kuyezetsa magazi ndiko kumauza.

Za m'mbale

Atatu mwa mavitamini anaiwa, A, E ndi K, tili nao m'minda mwathu, bvuto limakhala pa kaphikidwe. Ndiwo zamasamba zophika ndi madzi ndi mcere cabe zimapereka karotini wocepa, cifukwa palibe mafuta omunyamula. Kasupuni ka saladi kapena dzanja la nsinjiro zimasintha zinthu. Ambuya athu amene anali kutendera cibwabwa ndi nshawa anali kucita cinthu coyenera: m'mbale imodzi muli karotini ndi vitamini K za m'masamba, vitamini E ndi mafuta za m'nshawa, ndi zomanga thupi. Zimatimvetsa cisoni kuona banja likugulitsa nshawa zonse kwa ogula a pamseu mu June, n'kumadya ndiwo zopanda kanthu kuyambira September. Cimodzimodzi mazira, onse amapita kumsika kapena kusungidwira alendo, ana osalawako.

Mfutso nao uli ndi kacinsinsi kake. Dzuwa lamphamvu limaononga karotini. Masamba oyanikidwa pa thanthwe kapena padenga la malata mpaka kuyera amakhala atataya wambiri. Kuwafutsa pang'ono m'madzi otentha ndi kuwayanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga mtundu wobiriwira, ndipo mtunduwo ndiwo cizindikiro cakuti karotini akalimo. Kapenta ndi tinsomba tina todyedwa ndi mitu ndi mafupa omwe timaonjezera zomanga thupi ndi kashiamu.

Pali anthu ena amene angadye bwino koma mavitaminiwa osalowa, cifukwa matumbo ao satenga mafuta. Awa ndi otsegula m'mimba kwa miyezi, odwala ciwindi, ndi aja amene kacasu wawaononga m'kati. Cimbudzi cao cimakhala cotuwa, camafuta, conunkha kwambiri. Amenewa angafunikedi mavitamini a m'botolo, koma pa mlingo wolembedwa ndi dokotala amene akucizanso gwero la bvutolo.

Amene tsitsi likugwa apite ku kiliniki atakonzeka kuyankha mafunso awa: linayamba liti, miyezi itatu m'mbuyomo kunacitika ciani, akumwa mankhwala anji, ndipo kumutu amaikako ciani. Atenge botolo lililonse limene akumwa, ngakhale la zitsamba, kuti anamwino awerenge zolembedwapo. Kuyambira mu 2013 bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi ZAMRA, ndipo ndilo limapereka cilolezo kwa ogulitsa mankhwala. Mnyamata wa m'basi akatsika pa siteshoni yotsatira simudzamupezanso.

Mai uja tinamupempha botolo lake kuti tiwerenge. Kapisozi kalikonse kanali ndi vitamini A wa 10,000 IU, ndipo tsiku lothera mphamvu linali litafufutika. Amai a m'busa anamuperekeza ku kiliniki pa Ciwiri pamodzi ndi mng'ono wake. Wapakatiyo anauzidwa kuleka makapisoziwo tsiku lomwelo ndi kubweranso kuti azimuona pafupi-pafupi. Mkulu wake anapezeka ndi magazi ocepa, anapatsidwa mapiritsi a ayironi a miyezi itatu, ndipo anamuuza kuti ayambe wamasula zoluka zake.